Chipepeso cha Manijala

Azakhali a NyaManda anaima patali ndi thanki yagalasi ija, manja ali m'chiuno, n'kulamula kuti nsombayo ikwiriridwe Loweruka.

"Tikamaliza kugawa katundu wa malemu, mukaikumbire kuseri kwa chimbudzi. Osaiponya m'nyanja, ingakatimalizire usipa."

Levison anayang'ana mlamu wake Regina, mkazi wa malemu mkulu wake Rodgers. Regina anayang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani.

"Ankhazi, nsombayi yalakwanji?" Levison ankawatchula azakhali akewo m'Chitonga chonchi akafuna kuwafewetsa mtima.

"Paja unati mtundu wake ndi chiyani?"

"Dzinalo ndi la Chingerezi, ankhazi."

"Tangonena."

"Pafa."

"Basitu! M'Chichewa cha mlamu wakoyu ndi pafa, m'Chitonga chathu ndi pafwa. Munthu walowetsa Pafa m'nyumba, chaka sichinathe, pafadi. Nanga taona madziwo. Rodgers ali moyo madzi ankaoneka chonchi?"

Levison anayang'ana thanki ija. Rodgers ali moyo, munthu ukaima pakhomo unkatha kuwerenga timiyala ta pansi pa thanki. Tsopano, patatha milungu isanu ndi umodzi chiikire maliro, madzi anali obiriwira ngati msuzi wa chigwada. Galasi linali litamera ubweya. Nsombayo inkaoneka pokhapokha ikagunda mphuno pagalasi: diso limodzi lofiirira, mano anayi otuluka ngati a mbewa, kenako n'kuzimiriranso.

"Ndi ndere chabe izi," anatero Levison. "Zomwe zija zimatiterera pamiyala kunyanja."

"Ndere zimamera m'nyumba?"

"Ndikaziyeretsa pofika Loweruka?"

Azakhali anakunga chitenje chawo. "Iwe unathawa sukulu ya nsomba. Uyeretse tione. Koma thankiyo usaisunthe. Palibe chobwerera pamalo pake m'nyumba muno mpaka abale asonkhane."

Azakhali atatuluka, Regina anatembenukira kwa Levison.

"Alamu, masiku asanu ndi limodzi. Ine Lamulungu ndikukwera minibasi ya ku Ntcheu, ndipo Manijala sangakwane pamiyendo panga."

Manijala linali dzina la nsombayo. Rodgers ankaphika paloji ina ku Kande, komwenso anakumana ndi Regina akuchapa zofunda za alendo. Mzungu mwini loji pobwerera kwawo anamusiyira thanki, kapampu kopumitsa madzi, sola yaing'ono ndi batire, pamodzi ndi nsomba imene anaitenga ku Tanzania. Inali yaikulu ngati chikhatho cha munthu, yamawanga achikasu, ndipo ikachita mantha inkameza madzi n'kufufuma ngati mpira. Tsiku loyamba kuiona ikufufuma, Rodgers anaseka mpaka kukhala pansi. Anati ndi mmene ankachitira manijala wa paloji akamva kuti bwana akubwera.

Malaya a Rodgers adzagawidwa, njinga idzapita kwa amalume, mapoto adzapita ku Ntcheu. Pa zonse zimene mkulu wake anasiya, chopuma chinali chimodzi chokhachi. Levison sanafune china.

Lolemba m'mawa anafufuza m'chikwama chimene sanachitsekule chichokereni ku Mzuzu. Ankafuna chinthu cholimba koma chosakanda galasi. Anapeza chiphaso chake cha kukoleji, chapulasitiki, chokhala ndi chithunzi cha mnyamata wovala tayi wobwereka. Anapinda mkono wa malaya n'kuyamba kupala nacho ndere.

"Zaka ziwiri za sukulu zagwira ntchito lero," anatero Regina akudutsa ndi tsache.

"Zikupala bwino kwambiri. Digiri yeniyeni ikanapala kuposa apa."

Ndere zinkasendeka ngati khungu la mbatata yophika. Manijala anatulukira mu mdima wobiriwirawo n'kuluma ngodya ya chiphaso, kukhu! Pamene panali siginecha ya mkulu wa koleji panatsala kabowo.

Kupala kunayeretsa galasi koma osati madzi. Levison anakumbukira phunziro lina la chaka choyamba: nkhono zimadya ndere. Anatenga chitini, kupita pamatete pamene kamtsinje kamathira m'nyanja, n'kutola nkhono makumi awiri. Amayi amene ankavuula chinangwa pafupi anamukuwiza, kumutchula ndi mfunda wake mwa Chitonga.

"Ada Manda! Anzanu akuthawa likodzo, inu mukukaliweta kunyumba?"

"Ndi aganyu awa, amama. Ndawapezera ntchito."

Anazitsuka bwinobwino, iyenso n'kusamba m'manja ndi sopo, kenako anazithira m'thanki. Nkhono zinamatirira pagalasi n'kuyamba ntchito mwaulemu, iliyonse ikusiya kanjira koyera m'mbuyo mwake. Levison anaitana mlamu wake kuti adzaone sayansi.

Regina atafika anamva phokoso ngati munthu akukukuta chimanga chokazinga. Kukhu. Kukhu-kukhu. Zigoba zinkatsika pang'onopang'ono kupita pansi. Ora lisanathe aganyu onse makumi awiri anali m'mimba mwa Manijala, amene anadzagona pamchenga pafupi ndi galasi, mimba ili tuu, diso limodzi likuyang'ana Levison, linalo likuyang'ana chitini.

Regina anaseka mpaka anagwira khoma. Aka kanali koyamba kuti m'nyumbamo mumveke kuseka chichitikire zovuta, ndipo onse awiri anadzidzimuka nako, koma sikunaleke.

"Manijala weniweni!" anatero akupukuta misozi. "Antchito angofika kumene, wawadya onse."

Lachiwiri madzi anali obiriwira kuposa kale. Levison sanapite kunyanja. Masiku onsewa ankati akaiponyera nsombayo chakudya cham'mawa, ankanyamuka kukakhala pansi pa mtengo wa mkuyu kugombe mpaka dzuwa litapendeka, chifukwa pabalaza pankabwerabe anthu odzapepesa, ndipo iye anali atatopa ndi kuuzidwa kuti Mulungu ndiye amadziwa. Tsiku limeneli anakhala pampando n'kumangoyang'ana thanki ngati wodwazika matenda.

Cha m'ma teni koloko dzuwa linalowa pazenera n'kugwera pathanki ndendende. Levison anaimirira. Kale thankiyo inkakhala pangodya ya kuchipinda, pamdima. Tsiku la maliro anyamata anatulutsa mipando yonse kuti amayi apeze pokhala, koma thanki inawalemera, ndipo anangoikankhira kuzenera kuti bokosi lidutse bwino. Yakhala ikuwothera dzuwa kuyambira tsiku limenelo.

Ali chiimire anamva odi pakhomo. Anali a Henderson, bambo a ku Mulanje amene ankagwira ntchito yokama mitengo ya labala kuesiteti, mnzake wa Rodgers wa pabawo. Anavula chipewa, anapereka moni, anakhala pang'ono mwachisoni monga mwa mwambo. Kenako ananyamuka, anapita pathanki, anatulutsa kapepala m'thumba la jekete, n'kuthiramo usipa wouma wodzaza dzanja.

"Pepani, a Manijala," anatero motsitsa mawu. "Tonse tataya."

"A Henderson! Mukutani?"

"Chipepeso, achimwene. Nanga ameneyu si wamasiye? Malemu ankamukonda ngati mwana."

"Mwayamba liti zimenezi?"

"Ine? Sabata ya maliro yomwe ija. Koma sindili ndekha. Aliyense amatero."

Levison anatembenukira kwa mlamu wake. Regina anakanda m'mutu.

"Dzana amayi a kwaya anabwera khumi ndi awiri, aliyense ndi kansomba kake. Abusa anabweretsa bonya. Ndikanawaletsa bwanji anthu akupepesa?"

Levison analowetsa dzanja mpaka pansi pa thanki n'kuvundula mchenga. Panadzuka mtambo wa mitu ya usipa yowola, ndipo fungo lake linathamangitsa a Henderson mpaka pakhonde. Nsomba imodzi sikanatha kudya chisoni cha mudzi wonse. Zotsalazo zinkawola, n'kusanduka manyowa, dzuwa n'kumalizitsa. Panalibe malodza. Unali munda wa ndere wothiridwa feteleza ndi anthu okoma mtima, mwini wake ali pansi pa mkuyu.

Tsiku lonselo linali la zidebe. A Henderson anaiwala zoti akupita kumsika, anavula jekete n'kuyamba kupopa pamjigo. Levison ankakoka madzi akuda a pansi ndi kapaipi, kuyamwa kamodzi n'kulavula msangamsanga, Regina n'kumakathira m'munda wa tomato. Sanachotse onse, kuopa kuidzidzimutsa nsomba. Anachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu n'kuthiramo atsopano pang'onopang'ono. Anatsuka siponji ya m'kapampu imene inali itasanduka phala. Pomaliza madzi anali obiriwirabe, kungoti tsopano ngati tiyi wa mandimu.

"Zatsalazo zikufuna mdima," anatero Levison. "Masiku atatu kapena anayi opanda kuwala ngakhale pang'ono. Ndere zikasowa dzuwa zimafa. Koma thanki tauzidwa kuti tisasunthe."

"Ndiye tisunthe dzuwa?" anafunsa a Henderson.

Regina analowa kuchipinda n'kutuluka ndi nsalu ziwiri zakuda, zimene ankasinthanitsa masiku a maliro, ndi bulangeti lochindikala.

"Ine ndavala zakuda milungu isanu ndi umodzi. Iyeyu wakhala akungodya. Nayenso alire."

Anaikuta thanki mbali zonse, n'kumanga ndi chingwe cha labala chimene a Henderson anachotsa panjinga yawo. Anangosiya kampata kumbuyo kolowera mpweya.

"Nanga chakudya?" anafunsa Regina.

"Asadye mpaka Loweruka. Ali ndi nkhono makumi awiri zoti azikumbukire."

Odzapepesa a Lachitatu anapeza chinthu chachitali chokutidwa ndi nsalu zakuda pansi pa zenera, ndipo mayi wina anayamba kale kukweza mawu a maliro. Regina anamugwira dzanja.

"Ayi, amama, ali moyo. Ali m'nyumba ya chisoni. Salandira alendo, ndiponso akusala kudya."

Mayiyo anagwedeza mutu momvetsa, anabweza usipa wake pamfundo ya chitenje, n'kunena kuti n'zoona, nsombayo inachedwa kale kuchita zimenezi. Pofika madzulo nkhani inali itafika ku Chintheche. Kondakitala wina wa minibasi anafunsa a Henderson ngati n'zoona kuti ku Kande kuli nsomba yopemphera.

Kwa Levison masiku amenewo anali aatali. Lamulo analiika yekha: osasuzumira, chifukwa kuwala pang'ono kokha kumadzutsa ndere. Koma nsalu yakuda siuza munthu chimene chili kuseri kwake. Ankagunditsa khutu pabulangeti n'kumangomva kapampu kakung'ung'udza. Lachinayi masana Regina anamupeza atagwira mfundo ya chingwe.

"Alamu, siyani."

"Mwina yafa dzulo. Mwina tikulondera mtembo."

"Mukatsekula lero, Loweruka mudzaonetsa chiyani?"

Levison anasiya chingwe n'kukhala pansi, msana atatsamira khoma. Anayamba kulankhula osamuyang'ana mlamu wake. Rodgers atadwala, iye anali pakati pa mayeso. Pafoni mkulu wakeyo anati ndi malungo wamba, lemba mayeso, usabwere kudzandiona ngati ndine ndege. Levison anamvera. Anakhala m'holo kulemba mayina a Chilatini a nsomba za m'nyanja, ndipo anakhoza bwino. Pofika kumudzi anapeza bokosi atakhoma kale chifukwa cha kutentha.

"Ndinamvera, alamu. Chinthu chokhacho chimene ndinamumvera m'moyo wanga wonse."

Regina anakhala pansi pambali pake. Sananene kuti Mulungu ndiye amadziwa. Anatambasula dzanja, n'kugogoda pagalasi kudzera pabulangeti, katatu, kenako kawiri.

"Akulu anu ankagogoda chonchi akamabwera ndi nkhanu."

Anadikira. Kapampu kankang'ung'udza. Kenako kuchokera m'katimo kunamveka kaphokoso kakang'ono, kouma, ka mano ogunda galasi. Tiki. Tiki-tiki.

"Mwamva? Akufunsa kuti nkhanu zili kuti."

Levison anabisa nkhope m'mikono. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo Regina sanafunse ngati kunali kulira kapena kuseka, poti zinali zonse ziwiri.

Loweruka abale anadzaza pabalaza ndi pakhonde. Ena anachokera ku Tukombo, amalume awiri anatsika boti kuchokera ku Usisya, abale a Regina anafika ndi minibasi yoyamba. Panabweranso anthu ambiri amene sanali abale a wina aliyense, ongofuna kuona nsomba yosala kudya. Malaya anagawidwa, nsapato zinayesedwa, njinga inapita kwa amalume. Regina anamasulidwa ndi mawu abwino, ndipo azakhali a NyaManda anamuyamikira pamaso pa onse kuti anasamala mwana wawo mpaka tsiku lomaliza.

Kenako azakhali analoza kuzenera ndi chibwano.

"Khasu lili panja. Vundukula tione."

Levison anamasula mfundo, a Henderson akumuthandiza. Bulangeti linagwa. Nsalu yoyamba, kenako yachiwiri.

Anthu onse anati, "Aaa!"

Madzi sanali oyera ngati a m'botolo. Anali ndi kachifunga pang'ono. Koma timiyala tonse tinkaoneka, ndi zigoba za aganyu aja, ndi khoma la kuseri kwa thanki. Pakati penipeni panali Manijala, atawonda pang'ono, timapiko take tikupalasa mofulumira. Kuwala kutamugwera mwadzidzidzi, ndi nkhope makumi anayi zikumuyang'ana, anachita chimene ankachidziwa: anameza madzi n'kufufuma mpaka kukhala mpira wamaso.

Amalume a ku Usisya, amene anapha nsomba zaka makumi asanu, anabwerera m'mbuyo n'kuponda phazi la abusa.

"Zinali ndere, ankhazi," anatero Levison. "Dzuwa la pazenera ndi usipa wa chipepeso. Aliyense amene anabwera kudzatipepesa ankaiponyera, zotsala n'kumawola."

Anthu anayamba kuyang'anana, wina kuloza mnzake. Azakhali sanayang'ane munthu.

"Aliyense?" anafunsa.

"Ngakhale abusa."

Azakhali anatsokomola. "Ine ndinangoponya kawiri. Kuti isatikwiyire."

Chiphokoso cha kuseka chinatuluka mpaka pamsewu. Azakhali anadikira kuti chithe, nkhope ili gwa, kenako anayenda mpaka pathanki, pafupi kuposa mmene anafikirapo chiyambire. Manijala anali ataphwa. Ataona munthu ataweramira pamwamba, anakwera msanga, anatulutsa kamwa kunja kwa madzi, n'kulavula kamtsinje kamene kanawagwera azakhali pamphuno penipeni.

Amayi a kwaya anagwira pakamwa.

"Akupempha chakudya, ankhazi," Levison ananong'ona. "Amatero akakhala ndi njala."

Azakhali anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje, pang'onopang'ono.

"Mwano uwu ndikuudziwa," anatero. "Rodgers anandikodzera pankhope tsiku limene ndinamupatsa dzina." Kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene wakhala akudziletsa nthawi yaitali. "Chabwino. Madzi wayeretsa. Koma dzina lija silingagone m'nyumba ya mchimwene wanga."

"Ndi dzina la mtundu wake, ankhazi. Silisinthika. Lili m'mabuku."

"Mabuku a ndani? Pabanja pano wopereka mayina ndine. Iwe ndinakutcha ndine, malemu ndinamutcha ndine." Anaweramanso, koma cham'mbali, kuopa kulavulidwa kachiwiri. "Pafa, inde, tonse tikudziwa. Koma taonani anthu ali muno. Kuyambira lero mtundu wa nsomba iyi ndi Patsala. Amene ndidzamumve akutchula dzina lakale adzandiona."

"Patsala," anavomera amalume a ku Usisya, ndipo amayi a kwaya anaimba nthungululu.

"Nsombayi ndi ya Levison," anapitiriza azakhali. "Pamodzi ndi magetsi ake ndi mwano wake. Khasu libwerere kumunda. Tsopano inu anyamata mwangoima, chotsani madzi ena, munyamule chinthuchi chichoke padzuwa."

Anachepetsa madzi ndi zidebe, amuna anayi n'kugwira ngodya zinayi. Levison anagwira kutsogolo, akuyenda chafutambuyo, madzi akukhavukira pamalaya ake, nsomba ikuyendayenda m'katimo ngati bwana woyendera ntchito. Regina ankatsogolera atanyamula batire, akukalipira aliyense kuti asagunde chitseko.

Atatsitsa thanki pangodya, azakhali anamukoka Levison pamkono.

"Kodi amadya kangati?"

"Kamodzi patsiku. Pang'ono pokha, zoti amalize nthawi yomweyo."

"Lero wadya?"

"Ayi."

"Masiku anayi! Ndiwe mfiti iwe." Anatembenukira kugulu lija, mmene manja angapo anali atayamba kale kumasula mfundo za zitenje. "Eee, eee! Bwezani usipa wanuwo nonse. Wodyetsa ndi mmodzi. Levison, thamanga kumiyala ukagwire nkhanu, mwana wa anthu akomoka."

Levison anatenga chitini n'kutuluka akuthamanga, malaya ali chinyowere.